Makasu a Malemu Danwell

Taizya anali ataima pakati pa chigafa, chingwe chodulidwa chili m'manja, pamene a Faides, mlongo wa bambo ake, anamupeza. Anali atamufunafuna m'nyumba, kuseri kwa nkhokwe, mpaka kwa azimayi amene ankatsuka mapoto a pamaliro. Ndani akanaganiza kuti mwana wa malemu, ataika bambo ake dzulodzuloli, angalawirire m'chigafa cha fodya?

Koma fodya munalibe m'chigafamo. Pa mikangala yonse, pomwe anthu a nzeru zawo amapachika masamba, pankalendewera makasu opanda mipini, aakulu ndi aang'ono, atsopano ndi akutha, ena pa waya, ena pa chingwe, mizeremizere mpaka kumapeto. Mzere wa pakati wokha, wa makasu akuluakulu, ndi umene unali mbee. Zingwe zinkangolendewera, zodulidwa ndi mpeni.

"Ankhazi, makasu a apa ali kuti?"

A Faides anayang'ana zingwezo, nayankha mosavutika kuti adzukulu anawatenga dzulo m'mamawa kukakumbira manda. Nthaka ya kumanda kwa a Zgambo ndi ya miyala, okumba anachuluka, makasu anachepa. Ndiye a Philemon, mkulu wake wa malemu, anangoti mukusowa chiyani pamene chigafa chadzaza, nalowa okha kukasankha olimba. A Faides ananena zimenezi ngati akunena za nkhuni, chifukwa kuno kwa Mphamba manda a munthu timakumba ndi makasu a pakhomo pake, ndipo palibe amene angaonepo cholakwika.

Taizya anakhala pansi pa dothi pomwepo. Misozi imene inakana kutuluka kumanda, azimayi akumuyang'ana m'mbali kuti mwana wa m'tauniyu ali ndi mtima wotani, inabwera tsopano yonse. A Faides anakhala naye pansi namugwira phewa, akuganiza kuti akulira bambo ake basi.

Bambo akewo, Danwell Zgambo, anali wopeka nyimbo. Musaganize za nyimbo za kwaya kapena zovina paukwati, ayi ndithu. Zake zinali zija zolemba papepala, zimene amaimba anthu ovala zakuda atakhala pamipando ndi mavayolini awo, omvera ali phee ngati kuchipatala. Anachoka kuno ali mnyamata, aphunzitsi ataona kuti khutu lake si lamasewera, nakaphunzira ku Lusaka, kenako ku Ulaya komwe anakakhalitsa. Akuti kumeneko anthu ankagula matikiti kuti akamve zimene walemba. Ife kuno tinamvako kamodzi nyimbo yake pa foni, titakhala naye pakhonde la golosale ya Friday. Tinadikira, tinadikira. Tinamva ngati chitseko chikulira, kenako zii, kenako kachitsulo kuti ngwe. Wina anafunsa ngati nyimboyo yayamba kale. Danwell anaseka mpaka kutsokomola, nati ili pafupi kutha.

Atabwerera kumudzi, mutu uli mbuu, mtima ukumuvuta, anabwereka chigafa chimodzi kwa mkulu wake nayamba kutolera makasu. Ankapalasa njinga mpaka ku Kapichila, mwina mpaka midzi ya kufupi ndi Lukusuzi, kungomva kuti kwakutikwakuti kuli khasu lolira bwino. Akabwera nalo ankalipala ndi tupa, kuligogoda, kumvetsera, kupalanso, khasu limodzi mpaka mwezi kutha. Tinkati sukulu yamuzunguza mutu, ndipo tinkanena iye akumva. Sankakwiya. Ankangokufunsa ngati kwanu kuli khasu lakutha.

Makasuwo anali nyimbo yake yomaliza. Mvula ikatha kunayenera kubwera oimba, motsogozedwa ndi mnzake wina wa ku Lusaka dzina lake Abigail, kudzaiimba m'chigafa momwemo, anthu a m'mudzi atakhala panja. Munthu amene anaomberedwa m'manja ndi mayiko achilendo ankafuna kuti kamodzi kokha amvedwe kwawo, pa zitsulo zakwawo.

Taizya ankazidziwa zonsezi, ngakhale sankazilabadira. Anakulira ku Lusaka kwa mayi ake, bambo ake akungotulukira mwa apo ndi apo ngati mlendo wa pa Khirisimasi, ndipo nyimbo zimene zinamulanda bambo sankazifuna n'komwe. Masiku omalizawa Danwell ankaimba foni Lamlungu masana, n'kunena kuti mama, tamvera ichi, n'kuyamba kugogoda makasu ake. Taizya ankaika foni patebulo n'kupitiriza kusita. Koma analonjeza kuti tsiku la nyimboyo adzabwera, adzakhala kutsogolo. Tsopano bambo anali m'manda, ndipo chokhacho chimene akanawachitirabe chinali kuonetsetsa kuti nyimboyo yaimbidwa.

Anapukuta misozi, namanga bwino chitenje, nalunjika kwa a Obby, mkulu wa adzukulu, komwe makasu a kumanda amasungidwa asanakatsukidwe kumtsinje. Njira yonse mtima unkawira. Koma adzukulu sakalipiridwa, aliyense amadziwa zimenezo. Ndi anthu amene alowa m'dzenje mvula ikugwa kuti m'bale wako agone pabwino. Atafika anagwada, nathokoza monga amathokozera mwana wa malemu, kenako anapempha makasuwo ndi mawu otsika.

A Obby anawatulutsa kuseri kwa nyumba, ali ndi mipini yatsopano, matope ofiira atauma pamwamba. Anafotokoza mosabisa kanthu, poti sankadziwa kuti akubaya munthu. Anati misuka anaiotcha pamoto kuti ilowe bwino m'mipini, nakhomera ndi mwala, kukamwa kwake n'kunolako pang'ono. Anadandaulanso kuti makasu ooneka bwino chonchi anali opyapyala modabwitsa, mwina wina anawapala dala, moti limodzi linang'ambika litangokhudza mwala, lina linapindika. Ataona nkhope ya Taizya anasiya kulankhula.

"Phepani chomene, mama," anatero. "Kodi talakwa?"

Taizya anati sanalakwe. Anawapempha kuti awatsuke tsiku lomwelo, agulule mipini, awabweretse kuchigafa. A Obby anachita zonsezo dzuwa lisanapendeke, nawanyamula okha pamutu.

Madzulo amenewo Taizya anawamangirira m'malo mwake mmene akanathera, naimbira foni Abigail. Pamtanda wa chigafa anapeza kamtengo kokulungidwa mphira kumutu. Abigail anamuuza kuti ayambe wagogoda kakhasu ka pakona, kamene adzukulu sanakakhudze. Anagogoda mopepuka. Kakhasuko kanalira, ndipo kasanaleke, lina chapatali linayankha lokha popanda womenya, kenako lina, kulira kukuyenda pa waya kuchoka mzere uwu kupita mzere uwo ngati anthu akupatsana moni pamsewu. Tsitsi linamuima Taizya. Pa foni paja sizinkamveka chonchi. Koma kulirako kutafika pa mzere wa pakati kunangofera pomwepo.

Anagogoda limodzi la makasu a kumanda aja. Linangoti gu, ngati wamenya chidebe chodontha.

Abigail atayamba kulankhula, mawu ake anali a munthu amene walira. Anati pepala la nyimboyo ali nalo, koma pepala palokha silithandiza, chifukwa mawu a makasuwo sapezeka pa piyano iliyonse. Danwell ankawasaka pakati pa mawu amene anthu ena onse amagwiritsa ntchito. Moto ndi mwala zawapha makasu akuluwo. Mwina, mwina ndithu, iye akanatha kupala ena atsopano pomvetsera mmene otsalawo akuyankhirana. Koma pasasunthe kanthu. Kutalika kwa chingwe, kukungika kwa waya, mpata wa khasu ndi linzake, ngakhale denga lenilenilo, zonsezo ndiye choimbiracho, ndipo mmene anazilumikizira ankadziwa mwini wake yekha. Makasu akangotsitsidwa, nyimbo yapita. Iye ndi anzake sakanatha kufika mvula isanathe.

Taizya analonjeza kuti palibe adzakhudze ngakhale chingwe chimodzi. Analonjeza msanga, monga amachitira anthu osalima fodya.

Tsiku lometa, abale atasonkhana pabwalo, zovala ndi mabuku a malemu zitaunjikidwa pamphasa kuti zigawidwe, nkhani ya chigafa inatuluka. Anaitulutsa ndi a Philemon, nkhalamba yaitali yosachedwa kutopa ndi mawu. Anati chigafa chawo china chinagwa ndi mphepo sabata imene Danwell anagonekedwa kuchipatala ku boma, ndipo m'malo mochidzutsa iwo anali pambali pa bedi. Fodya wapsa m'munda. Masiku a maliro onsewa palibe anathyola tsamba. Zigafa za anansi n'zodzaza, udzu wouma wofolerera china nthawi ya dzinja ungaupeze kuti? Choncho makasu atsitsidwe, abale a kutali atengeko limodzilimodzi chokumbukira m'bale wawo monga mwa mwambo, fodya alowe.

Anthu anavomera ndi mitu. A ku Kapichila anali atayamba kale kunong'onezana za makasu amene anawaona kuti akadali ndi ntchito.

Taizya anapempha kulankhula. Anayamba bwino, mwaulemu, kufotokoza za Abigail ndi za waya, koma nkhope zimene zinkamuyang'ana zinali zija za pa golosale ya Friday, zodikira kuti nyimbo iyamba liti. Munthu wina kumbuyo anati kodi tidzadya kulira kwa makasu, ena naseka chapansipansi. Apa m'pamene zinamukwana.

"Munawaseka ali moyo," anatero. "Lelo mwawakumbila manda ndi nyimbo yawo, adada, ndipo simunakhute. Mufuna mugawane yotsalayo ngati nyama."

A Faides anamukoka chitenje mwamphamvu, akumunong'oneza kuti iwe mwana, amenewa ndi bambo ako amene atsala, ukulankhula nawo ngati ndani? A Philemon sanadzutse mutu msanga. Ankatembenuza chipewa chawo m'manja.

"Ndinasankha makasu abwino chifukwa ndi mng'ono wanga," anatero potsiriza. "Ndikanamukumbila ndi akutha?"

Nkhalambayo inavala chipewa, niuza bwalo kuti chigafa chikhala mmene chilili mpaka mvula ithe, makasu sagawidwa, za fodya aona okha. Inadzuka n'kumapita kumunda, zogawa zisanathe. Taizya anapambana mlandu.

Masiku otsatira alendo anabalalika, pakhomo panatsala eni ake ndi fodya wawo. Anthu inu, fodya wopanda chigafa ndi chinthu chomvetsa chisoni. Anamupachika paliponse: m'khonde, m'khitchini, m'khola la mbuzi, mpaka kuchipinda kwa a Philemon, moti iwo ndi akazi awo a Agness ankagona masamba akuwakhudza kumaso. Malo anatha, masamba akubwerabe kuchokera kumunda. Otsalawo anawaunjika pansi pa mtengo nawafunditsa pepala la pulasitiki, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Palibe anamunena Taizya. Ankamupatsa moni bwinobwino, kumuikira madzi osamba, kumupatulira ndiwo, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka koposa.

M'mawa wina Taizya anakhala ndi azimayi pansi pa mtengowo kuti athandize kusoka, ngakhale manja ake ozolowera kugawa mankhwala kuchipatala ankangong'amba masamba. A Agness anavundukula pepala lija, nalowetsa mkono pakati pa muluwo. Anautulutsa msanga chifukwa mkati munkatentha. M'dzanja mwawo munali zinthu zakuda, zoterera, zonunkha, zimene masiku apitawo zinali masamba aakulu okongola. Anaziyang'ana, nazitaya kumbali, napukuta dzanja pachitenje, natenga singano kupitiriza kusoka.

Taizya anafunsa a Faides chapansipansi kuti zikapitirira chonchi zitha bwanji. A Faides sanamunyengerere. Anati theka la munda liwola, mwina kuposa, ndipo ndi fodya ameneyu amene amadyetsa khomo lonse, zidzukulu zamasiye za a Philemon ndi onse. Ndi fodya yemweyu amene anadyetsa Danwell chibwerereni, poti za ku Ulaya zija zinathera ku mankhwala. Anaonjeza kuti mkulu wawoyo sabweza mawu amene wanena pabwalo, ngakhale munda wonse uwole.

Taizya anapita kuchigafa yekha. Anakhalamo nthawi yaitali, mphepo ya mvula ikulowa m'mbali, makasu akugundana pang'onopang'ono. Anajambula mzere uliwonse pa foni, akudziwa bwino lomwe kuti chithunzi sichisunga kukungika kwa waya. Kenako anaimbira Abigail namuuza kuti asavutike kubwera. Abigail anachonderera, anakwiya, anati dziko litaya chinthu chimene sichidzapezekanso. Taizya anati akudziwa. Anati walephera kusunga lonjezo kwa bambo ake kachiwiri, ndipo ulendo uno walephera ali maso. Atadula foni analira mokweza, osasamala kuti wina amva.

Taizya anakawapeza a Philemon akuthyola fodya kumunsi kwa munda. Anagwada m'matope momwemo, napepesa chifukwa cha mawu a pabwalo aja, nawauza kuti fodya alowe m'chigafa tsiku lomwelo. Nkhalambayo inakana, inati mawu anatuluka kale. Taizya anati mawuwo anaperekedwa kwa iye, ndipo ndi iye amene akuwabweza. A Philemon anaika pansi masamba amene anali m'manja, natsogola.

M'chigafamo sanalole munthu wina kulowa, ndipo mpeni anaukana. Anati zingwe amasula ndi manja, imodziimodzi, mmene mwini wake anamangira. Azimayi anaima panja ndi mitolo ya fodya wosoka, akudikira. Taizya ankalandira khasu lililonse n'kuligoneka pa thumba. Mzere uliwonse ukatsika, kulira kwa otsalawo kunkacheperachepera, mpaka m'chigafa munayamba kumveka ngati m'chigafa china chilichonse.

Atafika pa kakhasu kena kakang'ono, kakutha mpaka kutsala ngati chikhatho, a Philemon anachedwa nako. Anakamasula, koma sanakapereke. Anatenga chingwe chachitali, namanga kakhasuko pakatikati pa chingwecho, kuti mbali zonse ziwiri zitsale zolendewera.

"Bwela kuno, mama. Ndipatse zala."

Taizya anatambasula manja osadziwa chimene akufuna. Nkhalambayo inakulunga nsonga imodzi ya chingwe pa chala chake cha mkombaphala, nsonga ina pa chala cha dzanja linalo, mosamala, ndi zala zawo zakuda ndi utomoni wa fodya. Inamuuza kuti atseke makutu ndi zala zimenezo, awerame pang'ono kuti kakhasuko kalendewere momasuka. Kenako inatola msomali pansi n'kukagogoda kamodzi.

Panja azimayi anangomva kuti ngwe. Koma m'mutu mwa Taizya munalira belu lalikulu, lakuya, loposa la tchalitchi chilichonse chimene analowamo, ndipo mkati mwa kulirako munali mawu ena ang'onoang'ono ambiri, okwera ndi otsika, akuzungulirana osafuna kutha. Anatseka maso. Anakhala chiweramire mpaka kulira komaliza kutazimirira, ndipo atachotsa zala m'makutu anapeza a Philemon akupukuta nkhope ndi chipewa.

Anamuuza kuti ali ana, akupita kumunda ndi mayi awo, Danwell ankaba khasu la mwini n'kuligulula mpini kuti achite zimenezi. Ankathamangira aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, kumugwira zala kuti amve nawo. Akwapulidwe chotani, mawa lake ankachitanso.

"Ine ndinkamukankha," anatero a Philemon. "Ndinkati ndilibe nthawi. Anandigwila zala kamodzi kokha, tili ku dimba, ndipo anandiyang'ana kumaso nthawi yonseyo kuti aone ngati ndamva."

Taizya anamasula chingwe pa zala zake. Anagwira dzanja la nkhalambayo, lolimba ngati khungwa, nayamba kukulunga chingwecho pa chala chawo. A Philemon anayang'ana kukhomo komwe azimayi ankadikira ndi fodya, mvula ikuwanyowetsa mapewa. Kenako anapereka dzanja linalo, natseka makutu, nawerama.